Kabokosi Koonera

Biswick Chisenga atafika kunyumba kwake ku Thamesmead, kutsidya kwa nyanja, kuchokera kuntchito yake ya unesi, anapeza mayi ake atawerama m'khitchini, akutola tinthu pansi ndi chala chonyowetsa ndi malovu. Mkazi wake Stephanie, mzungu wa ku Romford, anali ataima pafupi ndi sinki, atagwira kabokosi kagolide.

Kabokosiko kanali ka fodya wamphuno, kakale kwambiri, ndipo kanali ka agogo ake a Stephanie. Pachivindikiro panali chithunzi cha galu woyera atagona pa udzu. Amisiri a ku Roma anachipanga ndi timagalasi tamitundumitundu, tating'ono ngati mchenga, tomata kamodzikamodzi. Tsopano galuyo analibe mutu.

"Amayi, mwatani?"

"Ndatsuka," anayankha Mayi Chisenga.

Iwo anabwera kuchokera ku Dedza kudzalera mdzukulu wawo Chiye, ndipo anayenera kukhala mpaka chaka chithe. Fodya wawo ankasunga m'kabotolo ka mankhwala, kamene Biswick anataya atapeza mwanayo akukayamwa.

"Unataya kabotolo kanga," anatero. "Fodya wotsala pa kapepala ndikanamuika kuti? Iwe wemwe unandiuza kuti aka n'ka fodya. Kamakhala pamwamba m'kabati, pomwe mwana safika. Lero ndimati ndikabweze kopanda fungo."

Anali atakaviika m'madzi owira, n'kukakwecha ndi waya wotsukira miphika. Zomatira zinafewa, timagalasi n'kuyamba kuthothoka.

"N'koonera aka, Amayi. Sikogwiritsa ntchito."

"Koonera. Mbale zoonera, makapu oonera. Tsiku lomwe ndinafika munati nyumba ndi yanga. Kapena mawu amenewonso anali oonera?"

Stephanie anafunsa m'Chingelezi zimene mayiwo anena. Biswick anamuuza kuti akupepesa.

"Ine ndayankhula zambiri, iwe wanena mawu awiri," anatero mayiwo. "Chingelezi chako n'chaumbombo."

Kenako anakonza chitenje chawo, nagwada pamaso pa mpongozi wawo, atatambasula manja onse awiri, timagalasi tili pachikhatho. Biswick anayang'ana kumbali. Chibadwire anali asanaonepo mayi ake akugwadira munthu wamng'ono kwa iwo, ndipo ankadziwa kuti kwawo nkhani ikanathera pomwepo. Wolakwiridwayo akanagwada naye, n'kumudzutsa.

Stephanie sanadziwe zimenezo. Anaganiza kuti akungomupatsa zimene atola. Anatenga sosala, nakhuthulirapo timagalasito, nathokoza ndi mawu ozizira, n'kupita kuchipinda. Mayi Chisenga anatsala chigwadire, akuyang'ana mwana wawo kuti afotokoze. Biswick anatsegula firiji ngati akufunamo kanthu.

Katswiri wa zinthu zakale amene Stephanie anakamuonetsa kabokosiko anati galuyo sangabwererenso mmene analili. Mlungu wotsatira Chiye anayamba kupita kusukulu ya mkaka, kuti akazolowere anzake, malinga ndi mmene Biswick anafotokozera. Loweruka Biswick anaika loko pa kabati. Mayi ake anakhala pa sofa, manja ali pamiyendo, akumuonerera mpaka anamaliza.

"Waika bwino," anatero. "Bambo ako sankatha kukhoma ngakhale msomali. Tsopano sintha tiketi yanga."

"Amayi, palibe amene wakuthamangitsani."

"Ndikudziwa. Kuno sathamangitsa. Sintha."

Biswick anayang'ana kiyi amene anali m'dzanja lake. Akanatha kulowa kuchipinda n'kuuza mkazi wake tanthauzo la maondo aja. Panali pasanachedwe.

"Mwina ndi bwino," anatero. "Kuzizira kwayandikira, ndipo chifuwa chanu chija chingayambirenso."

"Ndinadziwa kuti upeza chifukwa chabwino. Sukulu sinapite pachabe."

Atawaperekeza ku eyapoti, anabwerera kunyumba n'kuyamba kutsuka mbale. Pa kasefa ka sinki anapeza kagalasi koyera kamodzi katakanirira. Anakayang'ana pang'ono ali nako pachala, kenako anatsegula mpopi.