Bowo la pa Botolo la Ayman

Ayman anayamba kumwa za m'botolo mayi ake, Karima, atabwerera ku ntchito yosankha fodya ku Kanengo. Masana ankatsala ndi bambo ake, Anwar, telala wa pakhonde ku Area 25, munthu woti akaona chinthu chothina manja amamuyabwa.

Posakhalitsa pachifuwa pa mwana panayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Akangomwa mkaka ankatsokomola mpaka maso kufiira.

Apongozi a Karima anatulukira kuchokera ku Mtsiliza mlandu ataweruza kale m'minibasi.

"Mwana akufuna bere, inu muli kalikiliki ndi fodya. Mukabweranso mumamunyamula ndi fumbi lomwelo. Mumuphatu ameneyu."

Karima anachita mantha. Ntchitoyo anaipeza movutikira, koma Lachisanu anakatsanzika kwa kapitawo n'kubweza yunifolomu.

Kutacha anapita ndi mwana kuchipatala, Anwar ali pambuyo ndi chikwama. Namwino anamvetsera pachifuwa, kenako anapempha botolo n'kulizondotsa. Mkaka sunadonthe, unachita kuchucha.

"Bowo ili anakuza ndani?"

"Ndine," anatero Anwar, mosonyeza kunyadira. "Mwana amavutika kukoka. Ndinangootcha singano n'kukonzako pang'ono."

"Nanga pomwa mumamugwira bwanji?"

Sankamugwira. Ankamugoneka chagada pamphasa, botolo n'kulitchinjiriza ndi zigamba, iye n'kumapalasa makina. Namwino anafotokoza mosakweza mawu kuti mkaka ukamathamanga chotero mwana ali chigonere, amatsamwa ndipo wina umalowera njira ya mpweya. Anawapatsa mankhwala, nawauza kuti agule nsonga ina ya botolo ndipo azimudzutsa pomwetsa. Za fodya sanafunse n'komwe.

Panjira Anwar anayesa kulankhula.

"Mayi a Ayman, inetu ndimati ndikuthandiza."

Karima anangopitiriza kuyenda, maso ali kutsogolo. Anali atakwiya kwambiri.

Chifuwa cha mwana chinayamba kupepuka. Lolemba Karima analawirira ku Kanengo kukapempha kuti abwerere. Kapitawo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza ndi chibwano. Pamalo pake panali mayi wina, mutu uli pansi, akusankha fodya. Yunifolomu imene anavala inkamuthina m'chiuno. Karima anaizindikira ndi ulusi wobiriwira wa m'mbali, momwe Anwar anaibweza kuti imukhale bwino mkazi wake.