Masamba 84 a Timadontho

Mabuku atsopano anafika pasukulu pathu Lachinayi, mawa lake tikutsekera. Makatoni khumi ndi awiri. Ahedi anaimitsa makalasi onse kuti ana akaone, ndipo bambo a ku laibulale anachita kuvala tayi, kunja kukutentha choncho.

Ine ndimaphunzitsa ana osaona, asanu ndi mmodzi, m'kachipinda kakumapeto komwe kale ankasungiramo matsache. Ndinawatengera ku laibulaleko nawonso. Patsogolo panali Namafunso, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Dzinali tinam'patsa tokha, chifukwa ukamuyankha funso limodzi amakubwezera atatu. Anapisa dzanja m'katoni, n'kutulutsa buku, n'kulinunkhiza.

"Akununkhira bwino. Nanga athu ali m'katoni iti, aphunzitsi?"

Bambo a ku laibulale anatsegula makatoni onse mpaka yomaliza, thukuta lili kamukamu. Munalibe ngakhale buku limodzi la zilembo za timadontho, zija ana anga amawerenga ndi zala. Sindinadabwe. Kudabwa ndinasiya kalekale.

Masana amayi a Namafunso atabwera kudzamutenga, anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, mwanayu akuti teremu ikubwerayi sabwera. Akuti mabuku anu anayi aja anawaloweza, atha kuwawerenga manja ali m'thumba. Ine kumukakamiza ndatopa nako. Mabasi awiri m'mawa uliwonse, iye akulira njira yonse."

Ndinagwada kuti nkhope yanga iyandikane ndi ya mwanayo. Ndinamuuza kuti akabwera tsiku lotsegulira adzapeza buku latsopano, loti sanaligwirepo munthu. Anafunsa ngati ndikunena zoona kapena ndikungomunyengerera ngati mwana. Ndinati zoona. Ndinasankha kabuku ka masamba makumi atatu, nkhani ya mtsikana wobisala m'sitima, n'kukaika m'chikwama. Makina athu olembera timadontho anafa chaka chatha, koma ndinadziuza kuti tchuthi n'chachitali, ndilemba pamanja.

Mawa lake ahedi anandipatsa kalata. Aphunzitsi onse a ana olumala apite kumaphunziro a masabata atatu. Wosapita asadzabwererenso m'kalasi. Tchuthi changa chinathera pakalata pomwepo.

Maphunzirowo ankachitikira m'holo ya denga lamalata, mawindo awiri okha otseguka. Fani inalipo imodzi, ndipo inkangozungulira pamutu pa otiphunzitsa. Anali mayi wachitsikana, waulemu, wa nsapato zogogoda. Sindimuda ayi. Koma tsiku loyamba anatimanga nsalu kumaso, akuluakulu makumi anayi, kuti tizungulire mipando timve mmene mwana wosaona amamvera. Ine amene ndaphunzitsa anawa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinagunda bondo pabenchi, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako tinakhala m'magulu, n'kulemba mavuto athu pamapepala aakulu. Gulu lililonse linalemba kuti mabuku palibe. Mayiyo anati ndi mfundo yamphamvu kwambiri, n'kumata mapepalawo pakhoma.

Tsiku lachiwiri ndinakhala kumbuyo kwenikweni, n'kutulutsa sileti yanga ndi kachitsulo kobowolera. Kwa amene simunaionepo ntchitoyi: pepala lolimba umalitsekera m'sileti ya timabowo, ndiye kadontho kalikonse umakadinda kamodzikamodzi, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti ukatembenuza pepalalo timadontho tituluke mbali inayo. Chilembo chimodzi chimatha kufuna kudinda kasanu. Ukalakwitsa, umafafaniza ndi chikhadabo n'kuyambiranso. Tsamba limodzi la buku wamba limadya masamba pafupifupi atatu.

Kachitsuloko kamalira. Tho, tho, tho. Mnzanga wophunzitsa ana osamva, amene ankakhala pambali panga, anandigwedeza ndi chigongono.

"Amayi, mwabwera ndi nkhuku m'chikwama? Ikujompha chiyani?"

"Ingomverani phunziro, mudzandiuze."

"Phunziro lake liti? Ine ndagona kawiri, ndadzuka akadali pa mfundo yomweyo."

Lachitatu otiphunzitsa anaima pakati pa chiganizo n'kuyang'ana kumbuyo.

"Amayi akumbuyoko, mungatiuzeko zomwe mukuchitazo? Mwina tonse tipindule."

Ndinaimirira n'kuwauza kuti ndikulemba buku la mwana amene akufuna kusiya sukulu. Iwo anati ndi chitsanzo chabwino cha kudzipereka, tiwombere m'manja, koma ndizichita nthawi yopuma chifukwa phokosolo likusokoneza ena. Kuyambira pamenepo ndinkayala thaulo pamiyendo, sileti pamwamba pake, kuti kachitsulo kasamveke. Anzanga akamapita kukamwa tiyi, ine ndinkatsala. Akamapita kukadya, ndinkadya ndi dzanja lamanzere.

Sabata yachiwiri pachikhatho panatuluka thuza, linaphulika, n'kutulukanso lina pomwepo. Mwamuna wanga ankati ndikamubweretsera madzi kapu imanjenjemera ngati ndili ndi ngongole ya tulo ya chaka chonse. Analidi ndi mfundo. Phewa linkandiwawa mpaka kukhosi, ndipo mzere wina ndinaulemba kawiri osazindikira, n'kutaya tsamba lonse. Ndinalira pang'ono tsiku limenelo, m'chimbudzi cha paholo, kenako ndinasamba kumaso n'kubwerera kukamva za kufunika kokonda ana.

Lachisanu lomaliza anatipatsa masatifiketi, n'kutijambula chithunzi padzuwa. Ine ndinali nditamaliza tsamba la 84, lomaliza, m'mawa womwewo. Ndinakwera basi kupita kusukulu, mulu wa mapepala uli pachifuwa, wokhuthala ngati pilo. Bambo a ku laibulale ndinawapeza akudinda chidindo m'mabuku atsopano aja, limodzilimodzi, lilime lili panja. Ndi munthu wosamala zinthu bamboyu. Buku likang'ambika amalisoka ngati akusoka bala la mwana wake, ndipo tsamba lopindika pakona limamudwalitsa mutu.

"Bambo, chonde mundimangireko mapepalawa akhale buku. Lolemba m'mawa mwini wake akubwera."

"Siyani pomwepo, mayi. Mudzalipeza ngati la m'sitolo."

Ndinangoti zikomo. Ndinali nditatopa, mutu ukulira. Panali chinthu chimodzi chofunika kuwauza, chomwe ndimauza aliyense wogwira mapepala a ana anga, ndipo tsiku limenelo sindinachinene. Ndinapita kunyumba n'kugona Loweruka lonse.

Lolemba Namafunso anabweradi. Ndinamva ndodo yake pakhonde ndisanamuone. Amayi ake anali pambuyo, atanyamula chikwama, ndipo sanatsanzike monga mwa masiku onse. Anaima pakhomo la laibulale kudikira.

"Aphunzitsi, lilipo?"

"Lilipo."

Bambo a ku laibulale analitulutsa m'kabati akumwetulira. Linali lokongola, chikuto chabuluu, msana wosokedwa bwinobwino. Koma linali lopyapyala. Mulu uja wokhuthala ngati pilo unali utasanduka kabuku kosalala, kolowa m'thumba la chikwama. Ndisanatsegule pakamwa, mwana anali atalilandira kale ndi manja awiri.

"Anandivuta mapepala anuwa, mayi," anatero bamboyo. "Anali ofufuma, osagona pansi. Ndinawawaza timadzi pang'ono monga ndimachitira ndi mabuku opindika, kenako ndinasanjikapo makatoni anayi a mabuku atsopanowa kuyambira Lachisanu. Taonani mmene awongokera."

Namafunso anakhala pampando n'kutsegula tsamba loyamba. Zala zake zinayenda pamzere woyamba, zinabwerera, zinayendanso pang'onopang'ono. Anatchula mawu awiri, n'kuima. Anatsegula pakati. Anatsegula kumapeto. Anapukuta zala pa siketi n'kuyesanso, ngati vuto lili m'zalazo.

"Ndani analiwerenga ine ndisanabwere?"

"Palibe, mwanawe."

"Nanga latha bwanji chonchi?"

Bambo a ku laibulale anandiyang'ana, n'kuyang'ana bukulo. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anagwira tsamba ndi chala chawo, ndipo ndinaona kuti azindikira: madzi ndi makatoni aja anali atafafaniza timadontho. Anakhala pansi pakatoni.

"Mayi, ine sindinadziwe. Ndimayesa ndikukonza."

Ndinkafuna kuwakalipira mpaka ahedi amve ku ofesi. Koma mphamvu zake ndinalibe, ndipo wolakwa woyamba ndinali ine. Ndinatenga dzanja la mwanayo n'kuligwiritsa pachikhatho changa, pamene panali matuza paja, kuti adziwe kuti sindinamunamize. Anasisita pang'ono malowo. Sanafunse funso lililonse, iye amene mafunso samuthera.

"Ndipatse masabata atatu ena," ndinatero. "Ndilembanso. Uzibwera, tizidikira limodzi."

Anatseka bukulo bwinobwino, n'kuliika patebulo, n'kuliwongola kuti lilingane ndi m'mphepete.

"Zikomo, aphunzitsi. Munavutika." Kenako anatembenukira kukhomo. "Amayi, mudakali pompo?"

"Ndili pano, mwanangu."

"Tiyeni."

Amayi ake anandiyang'ana ngati akupepesa, n'kukweza chikwama paphewa. Ndinawatsatira mpaka pakhonde. Belu linali litangolira, ana akuthamangira m'makalasi, ndipo anzake asanu aja anali atakhala kale m'kachipinda kathu, chitseko chili chotsegula. Ndinaima n'kumamvera ndodo yake ikugogoda simenti. Inafika pakhomo la kalasi yathu, ndipo inadutsa osaima.