Tsiku Limene Che Uladi Anamwalira pa Fesibuku

Che Uladi ankafika pa laibulale ya pa Nselema chitseko chisanatsegulidwe, atavala mkanjo woyera ndi kofia, nkumayendayenda pakhonde ngati abwana ndi iwo. Anthu ankati mkuluyu amakonda nyuzipepala. Nyuzipepala yake iti! Ankaitenga ndithu, nkukhala nayo pampando wa pawindo, nkumaitembenuza mwaulemu, koma maso ali pa kompyuta ya pakona. Ana asukulu akangochokapo, ankatsokomola pang'ono, ndipo Elube, mtsikana woyang'anira laibulaleyo, ankadziwa kale.

"Ndikutsegulireni Fesibuku, Che Uladi?"

"Aaa, ngati mulibe chochita. Tingoona za m'dziko."

Dziko lawo lonselo linali Ramla, mwana wawo wamkazi. Ramla anakwatiwa ku Balaka ndi Raymond, mphunzitsi wa Chikatolika wa ku Rivirivi, ndipo tsiku lomwe anabwera kudzanena za ukwatiwo, Che Uladi anakalipa: "Ukapita kumeneko, pakhomo panga usadzapondenso!" Mwanayo liuma anatengera bambo ake omwewo. Sanapondenso. Mayi ake anali atamwalira kale, ndiye panalibe wowaziziritsa awiriwa. Tsopano Ramla anali ndi mwana, ndipo agogo ake ankamuonera pa kompyuta ya laibulale basi: apa akukwawa, apa wamera mano, apa wadzola phala nkhope yonse. Mtima unkawawawa koopsa. Ankafunitsitsa mwana wawo atabwera, koma kuti amuitane okha, liuma silinkawalola.

Elube naye anali ndi ake mavuto. Akuluakulu ake anamuuza kuti laibulale ya masiku ano isamangokhala duu kudikira anthu, izidzionetsa pa intaneti. Anatsegula tsamba la laibulale pa Fesibuku. Anaikapo zithunzi za mabuku atsopano, anthu zii. Anaikapo za mashelefu atapukutidwa bwino, ziinso. Ndiye m'mawa wina anaganiza zoyamikira owerenga okhulupirika. Anawajambula Che Uladi ali pawindo paja, nyuzipepala m'manja, maso ali kutali. Chithunzicho chinatuluka chothimbirira, iye nkuchichotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, chioneke chaulemu. Pansi pake analemba kuti: "Che Uladi, bambo wofatsa, wokonda kuwerenga. Sanajombepo. Mpando wawo wa pawindo tonse timaudziwa. Laibulale yathu sidzawaiwala."

Koma abale, Elube ameneyu anakulira kuti? Kwathu kuno munthu wamoyo sitimuyamikira choncho. Chithunzi cha mkulu chopanda mitundu, mawu okoma pansi pake, aliyense amadziwa kuti munthuyo watisiya.

Foni ya Elube inayamba kunjenjemera pa tebulo osalekeza. Poyamba anasekerera, ati tsamba lija lagwira moto. Atawerenga, anagwira kumutu.

"Mayo ine! Che Uladi, ndakuphani!"

"Mwatani?"

"Anthu akuti mwamwalira. Taonani, anyamata a ku Joni akulemba Inna lillahi, mawu a Chisilamu a pamaliro aja. Wina akufunsa kuti mwambo wa maliro uli nthawi yanji."

Che Uladi anavula kofia, nkuivalanso. Foni yawo inali m'thumba yozimitsa, poti lamulo lozimitsa mafoni m'laibulale ankalisunga ndi iwo okha. Anakoka mpando nkuyandikira.

"Tawerengani timve."

Elube anayamba kuwerenga. Wina wa ku Limbe anati anali munthu wa Mulungu. Wina anati anali mzati wa mudzi. Bilali, wogula nandolo pamsika, yemwe anali ku Liwonde tsiku limenelo, analemba kuti malemuwo anali ngati bambo ake omubereka.

"Bilali ameneyu? Wabodza! Dzana lomweli amanditukwana chifukwa cha mbuzi."

"Ndifufute msanga, ndilembe kuti muli moyo."

Che Uladi anakweza dzanja. "Iyayi, tadikirani kaye. Sindikufulumira kudzuka." Anayang'ana pansi, nkufunsa motsitsa mawu: "Wa ku Balaka uja walembapo?"

Elube anatsitsa ndemanga zonse, nkuzikwezanso. Dzina la Ramla panalibe.

"Mwina sanaone," anatero.

"Aona. Amakhalira pomwepo ameneyo."

Ndiye anadikira. Azana yoitanira anthu ku mapemphero itamveka ku mzikiti, Che Uladi anakaswalira kuseri kwa mashelefu, ati munthu womwalira sangangotulukira pamsika, angagwetse anthu. Elube anawachonderera, ati ntchito imuthera, akuluakulu akaona amudya wamoyo. Iwo ankangoti pang'ono pokha, mwanangu, pang'ono pokha. Ndemanga zinkachulukabe. Analira anthu amene Che Uladi sanawaonepo chibadwire, ngakhale mayi wina wogulitsa mafuta odzola ku Mzuzu anapepesa, nkuwonjezera nambala yake ya foni. Koma Ramla, zii.

Dzuwa litapendeka, Che Uladi anabwerera pampando wawo. Anaoneka ochepa mumkanjo muja, mapewa atagwa.

"Fufutani," anatero. "Lembani kuti ndilipo. Ndamva zomwe ndimafuna kumva."

Anachita manyazi, ndipo chisoni chinawagwira chenicheni. Alendo awalira, wawo womubereka ayi. Womuloza chala panalibe, poti chitseko anatseka ndi iwo eni.

Elube ali mkati molemba chipepeso, panja panaima njinga yamoto ya kabaza. Chitseko chinatseguka mwamphamvu mpaka chikwangwani cholembedwa kuti "Khalani chete" chinagwa. Analowa mayi wachitsikana, mpango utapendekera kumutu, fumbi mpaka m'nsidze, mwana kumsana, maso ali psuu ndi kulira. Anali Ramla. Nthawi yolemba ndemanga analibe. Ankadziwa kuti Asilamu sagoneka maliro, ndiye atangoona chithunzi chija, nkuyesa foni ya bambo ake osapezeka, anabereka mwana nkuthamangira minibasi. Analira njira yonse kudutsa pa Liwonde. Atafika kumudzi anapeza nyumba yokhoma, nkhuku zikungodziyendera, ndipo a pafupi anamuuza kuti malemuwo ali ku laibulale monga mwa masiku onse.

Anaima pakati pa chipinda akupuma mwa wefuwefu.

"Ababa! Zoona?"

Che Uladi anaimirira, nyuzipepala nkugwa. "Ndi Elube uyu, ine sindinadziwe..."

"Poyamba sanadziwe," anatero Elube, osadzutsa mutu.

"Ndalira mpaka kondakitala wandipatsa madzi! Anthu m'minibasi andipepesa, mayi wina mpaka kundipempherera! Inu muli pano phee, mukuwerenga nyuzi?" Misozi inayambiranso, koma tsopano yaukali. "Chabwino. Poti maliro kulibe, ndikubwerera. Paja munati ndisadzaponde."

Anatembenuka nkugwira chitseko. Wakabaza anali asanachoke, injini ikulirabe panja.

Che Uladi anasendera pafupi. Kamwana kaja kanasuzumira paphewa la mayi ake, nkumawayang'anitsitsa ndevu.

"Ramla," anatero Che Uladi. "Ndinalakwa ine. Ukabwerera lero, udzabweranso tsiku lomwe sindidzatha kukulonjera. Tiye kunyumba, mwanangu. Bambo a mwanayu nawonso adzabwere."

Ramla anaima chiimire, dzanja lili pachitseko. Wakabaza analiza hutala. Ramla anasuzumira panja nkumuuza kuti azipita. Kenako anamasula chitenje pachifuwa, nkutsitsa mwana, osawayang'ana bambo ake kumaso.

"Tagwirani mdzukulu wanuyu," anatero, akupukuta mphuno. "Msana wandipweteka."