Chipewa cha Malemu Felizardo

Olinda anabadwira ku Quelimane, ku Furancungo anangobwerako ndi ntchito ya unamwino. Maliro a apongozi ake, a Felizardo, ndiwo anali oyamba kuwaona ku Chidzolomondo, kwawo kwa mwamuna wake Zacarias.

M'mawa, anthu akudikira kuti manda athe kukumbidwa, a Graça, mmodzi wa adzukulu, anatuluka m'nyumba ya maliro atavala chipewa cha malemu. Anayamba kutsimphina monga ankayendera a Felizardo, uku akukalipira mbuzi zosaoneka.

"Chokani pa fodya wanga, mbava inu!"

Anthu anaseka, ena misozi ili m'masaya. Koma Olinda mtima unamuwawa. Kwawo, wonyoza wakufa chotere akanamupirikitsa ndi zikuni. Anadzuka n'kulanda chipewacho.

"Mayi inu, respeito mulibe? Ulemu uli kuti? Mukunyogodola munthu thupi lake lili m'nyumbamo?"

A Graça anangokhala pansi. Nkhani itafika kumanda, okumba anabwerako n'kuunjika makasu pakhomo. Dzenje n'kuti litangofika m'chiuno, ndipo kumapiri mvula inali itayamba kuda.

Zacarias anamukokera mkazi wake kuseri kwa chigafa.

"Awa ndi adzukulu, iwe. Amatikumbira manda, amatisambitsira mtembo, amatiseka kuti chisoni chisatiphe. Kwawo kukagwa zovuta, ifenso timatero. Ukapanda kuwapepesa, bambo saikidwa lero."

"Nanga nditani?"

"Gwira nkhuku. Wekha."

Olinda anathamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, nsapato zake za m'tauni zikuterera, mpaka anagwa chafufumimba m'matope. Atamugwira, anakagwada pamaso pa a Graça, tambala kudzanja lina, chipewa kudzanja lina.

"Pepani amayi, sindimadziwa."

A Graça anamupimapima tambalayo. "Kowonda ngati kobweretsa." Kenaka anavala chipewa, n'kuyamba kuthamanga chowerama, chiuno m'mwamba, akugwira mphepo monga ankachitira Olinda pothamangitsa tambala.

"Ai, meu Deus! Taima, galinya, taima!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, ngakhale apongozi aakazi a Olinda amene chiyambire dzulo anali asanatsegule pakamwa. Olinda anaona amuna aja akutola makasu awo mmodzimmodzi.

A Felizardo anaikidwa mvula isanafike. Pochokera kumanda a Graça anali akumutsanzirabe Olinda, iye ali pambuyo pawo, atawanyamulira tambala.