Mawu Amene Ida Anafulumira Kunena

Chaka chimene Ida Msiska anakhoza mayeso a Fomu 4, dzina lake silinamveke pa wailesi pamodzi ndi a opita ku yunivesite ya boma. Anakhoza bwino ndithu, koma masiku amenewo malo ankagawidwa potengera boma limene munthu akuchokera, ndipo ku Rumphi ana okhoza ankachuluka kuposa malo. Nkhani yotere sinkakambidwa mokweza. Ida anangobwerera kwawo ku Nchenachena nayamba kuthandiza bambo ake kupalira khofi.

Bambo akewo, a Laws Msiska, anali mkulu wa mpingo wa CCAP, munthu wa mawu ochepa. Chimene anachita pa nkhaniyi n'chakuti anasiya kutsegula wailesi Ida ali pafupi.

Amene anabweretsa uthenga anali Mayi Tenesi, namwino wa pa chipatala, Mkatolika wochokera ku Dedza. Anati kuli yunivesite ina ya Akatolika kunja kwa dziko lino, yosankha kwambiri, ndipo chaka chimenecho inapereka malo awiri okha kwa ana a chigawo chonse cha kumpoto, zonse zolipiridwa. Oitanidwa akakumana pa mishoni ina pafupi ndi pa boma. Ida anatumiza zomuyenereza, ndipo anaitanidwa.

"Koma tamvera, mwana wanga," anatero Mayi Tenesi ali pakhonde. "Ng'ombe ndi yawo. Ukuganiza kuti mkaka angayambe kupatsa mwana wachilendo, ana awo ali chilili? Sindikuti ukaname, iyayi. Ungokaoneka ngati wa m'nyumba."

Choncho madzulo aliwonse akaweruka, Mayi Tenesi ankamuphunzitsa. Kuviika chala m'madzi odalitsidwa pakhomo la tchalitchi. Kugwada ndi bondo limodzi asanakhale pa benchi. Kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Phewa lamanzere kaye! Iwe, ukuingitsa ntchentche kodi?"

"Pepani, amama. Dzanja likuiwala."

"Likumbuke. Ndipo anthu akamakalandira Ukaristia, iwe khala pansi phee, umo ndiye usayerekeze. Ambiri amatsala, palibe adzafunsa. Zinazo uzingoonera anzako. Pemphero la Ambuye ndiye ulidziwa kale, n'limodzi lomweli."

Pomaliza anavula korona yawo yopempherera, ya mikanda yabuluu, yopekeseka ndi zala, namuika m'dzanja. Ida anailandira ndi manja awiri. Ankadziwa kuti mayiwa sapita kulikonse opanda iyo.

A Laws anaziona zonsezi ali kukhola la nkhuku. Tsiku la ulendo Ida anapeza nsapato zake zapolishidwa, zili pakhomo. Bambo akewo anamukweza pa njinga mpaka ku Mhuju, m'zitunda akutsika onse n'kumakankha. Basi itatulukira, anam'patsa nthochi zokulunga m'tsamba.

"Ukapemphere monga umapempherera," anatero. Ida sanadziwe ngati kumeneku kunali kumudzudzula kapena kumudalitsa.

Pa mishoni anapezapo anzake ochokera ku Karonga, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, ambiri a iwo ophunzira m'sukulu za ansembe ndi asisitere. Amene anawalandira anali Sisitere Isabella, mayi wachikulire wa magalasi okhuthala, amene anawauza kuti m'mawa mwake kuyamba misa, kenako mafunso, mmodzimmodzi.

Misa inayamba bwino. Ida anaviika chala, anagwada, phewa lamanzere linayamba. Mtima unakhala pansi. Itafika nthawi ya Pemphero la Ambuye, anapuma ndi mpumulo, pakuti apa panalibe choonera kwa wina. Anatseka maso monga amachitira kwawo, nalinena ndi mawu onse, monga bambo ake anam'phunzitsira kuti pemphero salinong'ona ngati wakuba.

Chimene Mayi Tenesi anaiwala kumuuza, poti kwa iwo chinali ngati kupuma, n'chakuti Akatolika akafika popempha kupulumutsidwa ku zoipa amaima, kuti wansembe alankhule yekha. Kwa a CCAP palibe poima. Tchalitchi chonse chinati zii, ndipo m'kachetechete mmenemo munamveka liwu la Ida lokha, lomveka bwino, likunena za ufumu, mphamvu ndi ulemerero. Anazindikira atafika pakati. Kusiya kunali kovuta ngati kupitiriza, choncho anamaliza, mpaka ameni.

Wansembe anamudikira. Mnyamata wina kutsogolo anatembenuka n'kugwira pakamwa. Mtsikana amene anakhala naye pafupi, Nelly wa ku Karonga, sanam'yang'ane; anangosendera pang'ono mpaka phewa lake linakhudza la Ida, nakhala choncho. Makutu a Ida anali kulira, moti zimene zinanenedwa pambuyo pake sanazimve.

Potuluka, mnyamata uja anati, "Abusa, ulaliki uli liti?" Ena anaseka.

"Iwe unali kusinza, mnzako akupemphera," anatero Nelly. Anam'koka Ida kupita naye kokamwa tiyi, nam'thirira shuga osamufunsa.

Ida anaganiza zotenga chikwama chake n'kukadikira basi. Koma anakumbukira zitunda zija bambo ake akukankha njinga, ndipo anakhala pa benchi kudikira dzina lake. Asanalowe, anatulutsa korona ija m'dzanja mmene anaigwirira kuti izioneka, naikulunga m'kampango, naiika pansi m'chikwama.

M'chipindamo munali Sisitere Isabella, wansembe uja, ndi mphunzitsi wina wochokera ku yunivesiteko. Ida sanadikire kufunsidwa.

"Bambo mfumu, ine ndine wa CCAP."

"Tamva tonse," anatero wansembe. "Ngakhale a kukhitchini amva."

Sisitere anavula magalasi nawapukuta. "Mwana wanga, bambo ako dzina lawo ndani?"

"A Laws Msiska."

"Ndiye unkaganiza kuti mwana wa a Laws, dzina la mmishonale wa mpingo wanu, wa ku Nchenachena, tim'yesa wobatizidwa kuno? Tinadziwa tisanakuitane. Amene anakuphunzitsa kugwada ndani?"

"Mayi ena oyandikana nafe. Anachita mwa chifundo, sisitere."

"Anaphunzitsa bwino. Ukugwada kuposa athuwa. Khala pansi."

Kenako mphunzitsi uja anayamba mafunso, ndipo sanam'chitire chifundo chilichonse. Anam'patsa choko kuti awerengetsere samu pa bolodi. Anam'funsa chifukwa chimene masamba a khofi amachitira dzimbiri, ndipo atayankha, anam'funsa kuti akudziwa bwanji kuti si kusowa kwa chakudya m'nthaka. Funso lina la sayansi linam'kanika. Anati sakudziwa, ndipo mphunzitsiyo anangogwedeza mutu napitiriza. Anatuluka manja ali oyera ndi choko, osadziwa ngati wachita bwino kapena ayi.

Dzuwa litapendeka, Sisitere Isabella anam'peza akutsuka makapu kuseri kwa khitchini.

"Malo awiri aja, amodzi ndi ako. Samu ija unaikhoza wekha mwa onse. Enawo ndi a mnyamata wa ku Mzimba."

Ida anaika kapu pansi pang'onopang'ono kuti ingagwe. "Yewo chomene, sisitere. Nanga Nelly?"

"Nelly ayi. Ndamuuza kale. Ku yunivesiteko palibe adzakukakamiza kusintha mpingo, koma misa ya ophunzira onse uzidzapitako. Ndiye ndikuuze chimene sunamve m'mawa muja. Mawu amene unanena aja, ifenso timawanena. Wansembe akatha gawo lake, tonse timayankha ndi omwewo. Sunalakwe mawu, unangofulumira. Uzidikira pang'ono, enafe tikupeze."

Nelly anali atakhala pa bedi, chikwama chomanga kale. Ida anatulutsa nthochi ziwiri zimene zinatsala, nam'patsa imodzi, ndipo anadya limodzi.

M'mawa mwake basi itaima pa Mhuju, a Laws anali pomwepo pansi pa mtengo ndi njinga yawo. Anamangirira chikwama kumbuyo, nayamba kuyenda. Atapitirira msika, Ida anati, "Adada, anditenga."

A Laws anaima. Anavula chipewa, naweramitsa mutu pomwepo pamsewu, napemphera chamumtima. Atavalanso anafunsa, "Unapemphera?"

"Ndinapemphera, adada. Anzanga onse ataima, ine ndinapitiriza ndekha mpaka ameni."

"Mokweza?"

"Mokweza."

A Laws anayang'ana kumbali, ndipo Ida anaona mapewa awo akugwedezeka. Atatha kuseka anapukuta m'maso ndi chala.

"Kwera," anatero. "Tiyambe tadzera ku chipatala. Mayi aja akhala opanda korona yawo kokwanira."