Nkhosa ya a Dinko m'bafa la Vedrana

"Ayi Nives, usaseke kaye, tamvera. Nkhosa yagwera m'bafa."

"M'bafa?! Yalowera pati?"

"Padenga."

Nives anangokhala pansi pomwepo, kuseka mpaka misozi kkkk. Koma mnzakeyo, Vedrana, olo kumwetulira.

Kanyumbako Vedrana anajambula yekha pulani yake, chaka chathunthu, pa kamunda ka malemu mayi ake koyang'ana kunyanja. Ankafuna kabisale ndithu. Kumbuyo kolowa m'phiri, padenga dothi ndi udzu wa pomwepo, makoma a miyala. Ndipo kanabisaladi eti! Moti nkhosa ya a Dinko, mkulu woyandikana naye, inayesa ndi phiri basi, n'kumadya udzu mpaka kuponda pagalasi la padenga lolowetsa kuwala m'bafa. Phwaa! Mwendo thyo.

Koma chomwe chinkamudya mumtima Vedrana chinali china. Miyala yogula inali yoyera mbee, yoonekera kutali. Ndiye tsiku lina anakatola yakale, yotuwa ndi ndere, pampanda wa a Dinko, uja wongosanja popanda simenti. Mawilibala sikisi! Ankadziuza kuti aa, panagumuka kale apa. Nkhosayo inadutsira pomwepo.

Masana a Dinko anatulukira, chipewa m'manja, tchizi chathunthu m'khwapa.

"Mwanawe, undikhululukire. Mphepo ya Januwale ija yandigwetsera mpanda. Anasanja ndi bambo anga umene uja, ine manja anatha, ndalephera kuusamala. Landira aka, kopepesera galasi lako."

Ndipo Vedrana analandira. Analandira anthuni! Mpaka kunena zikomo.

Mkuluyo ananyamuka atasenza nkhosa yake pamapewa, kudutsa pafupi penipeni ndi khoma la kutsogolo, la miyala yotuwa ija. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapitiriza ulendo.

"Awona," anatero Vedrana monong'ona.

"Ndiye awona! Miyala ya bambo awo angaiiwale? Wakuba wa digiri iwe."

"Usatero, mtima ukundipweteka kale."

Nives anasiya kuseka. Vedrana anasisita khoma lija, mwala uliwonse anachita kuusankha yekha, kuutembenuza kasanu usanakhale.

"Mawa ndikuligumula. Ndikabweza yonse, ndipo ndikawauza ndi pakamwa panga."

"Khoma lonseli? Nyumba ikhala yasa ngati agogo opanda mano."

"Ikhale."

Nives anapukusa mutu, n'kuyamba kupinda manja a malaya.

"Chabwino, ndibwera seveni. Koma kusanja mpanda suudziwa iwe, ugwa tsiku lomwelo. Ukawapemphe akuphunzitse okha. Akakutukwana ukangoti inde bambo, ine ndikaima kumbuyo kwako, ndiyesetsa osaseka."