Msana wa Telala

Nkhope yachisanu ndi chiwiri ya bambo ake, Bulashi anaifuta ndi penti yoyera akukukuta mano. Dzina lakuti Bulashi anam'patsa ndi abale ake, ndipo silinali lomutamanda. Kwa iwo wojambula ndi munthu wa kamera. Wogwira bulashi ndi wopenta basi, woitanidwa khoma likasuluka.

Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akulemba zikwangwani za masitolo, kujambulapo nsapato ndi mitu yometedwa bwino, uku akudziphunzitsa nkhope za anthu pa makatoni otola. Ndiye tsiku lina mayi ake, amene anali asanayamikirepo ngakhale kamzere kamodzi, anati: "Bambo ako anapita osasiya chithunzi. Ngati ulidi wojambula, undibwezere nkhope yawo."

Apa ndiye panagona nkhani. Akalephera, akhala wopenta pamaso pa mayi ake mpaka kalekale.

Vuto linali lakuti aliyense anali ndi nkhope yakeyake ya malemuwo. Mlongo wake wamkulu ankalowa m'kachipinda kojambulirako atatseka mphuno chifukwa cha fungo la penti, n'kuyamba: "Makutu awa ndi a ndani? Ababa sanali chonchi." Amalume nawo: "Mlamu wanga kumwetulira chotere, ngati akukafunsira mbeta? Ayi ndithu." Mayi ake ankangoyang'ana kanthawi, kenako amvekere, "Penti yake ndi yabwino." Mawu amenewa ankamupweteka kuposa onse.

M'mawa umenewo, atakhala pa chitini chopanda kanthu, Bulashi anavomera zimene ankazemba: nkhope ya bambo ake sankaikumbukira bwino. Akanaiona liti? Munthuyo anali telala, makina ake anayang'ana kuwindo, ndipo ana anakula akuona msana. Makina akamalira, m'nyumba munalibe kuyankhula. Wofuna mawu ankaima pakhomo, kutsokomola kamodzi, n'kudikira mpaka phazi lichoke pa chopondera.

Anatola bulashi mtima uli m'mwamba ndi mkwiyo, ndipo anajambula chimene ankachidziwa. Malaya otuwa okhala ndi chigamba pachigongono. Phewa lamanzere lotsika. Tepi yoyezera ili pakhosi, choko chili pakhutu, kadazi kakuwala pamutu. Masiku atatu, osafutapo chilichonse.

Mlongo wake ataona chithunzicho anagwira pakamwa. "Iwe, mutu ukuyenda bwino? Ukufuna anthu azinena kuti ababa anatifulatira?"

"Nkhope yam'kanika, wathawira kumsana," anatero amalume, akuseka mpaka kupukuta misozi.

Bulashi anatopa nawo, anatopanso ndi manja ake omwe. Anatsegula chitini cha penti yoyera, n'kuviikamo bulashi yaikulu yopentera makoma. Bola kufuta mayi asanaone.

Koma mayi ake anali atafika kale. Sanalowe. Anaima pakhomo, maso ali pa chithunzicho, n'kukonza mpango wawo kumutu. Kenako anatsokomola kamodzi, ndi kudikira.

"Amayi, taonani zimene wachita mwana wanuyu," anayamba mlongo uja.

Mayiwo anakweza dzanja osatembenuka.

"Chete, iwe," ananong'ona. "Sukuona kuti bambo ako ali pa ntchito?"

Penti yoyera inadontha kuchoka pa bulashi, kugwera pa nsapato yake, ndipo Bulashi sanasunthe phazi.